Zakeyo ndi Buledi Woluka wa Mayi Feiga

Chiyambi cha mwambi umenewu, ana inu, chili motere. Ena adzakuuzani kuti unachokera kwa ofula njuchi m'thengo, amenewo mungowavomera mwaulemu. Ine ndimati unabadwira ku Limbe, m'nyumba ya banja lina la Chiyuda logulitsa nsalu.

M'nyumbamo munali mayi achikulire, dzina lawo a Feiga. Lachisanu lililonse ankaphika buledi woluka ngati tsitsi, wodya pa Sabata, tsiku lawo lopuma la Loweruka. Kaphikidwe kake sikanalembedwe paliponse. Iwo anakatengera kwa amayi awo, amayi awowo kwa agogo, kutali kumaiko ozizira. Tsono nyamakazi inawagwira manja, kukanda ufa kunayamba kuwakanika, ndipo ana awo aakazi anali atakwatiwa kunja. Ankafuna munthu womusiyira luso lija.

Panabwera Zakeyo Mkwapatira wa ku Dedza, khukhi wa ndevu zopesa bwino, amene anaphikapo m'mahotela awiri, konseko n'kuchotsedwa. Ntchito ankaifunadi, chifukwa mkazi ndi ana asanu anali atatsika naye basi, pogona palibe. Mayi Feiga anamupatsa masabata anayi omuyesa. Buledi akakoma, ntchito ndi yake pamodzi ndi kanyumba ka kuseri kamene anayamba awagonekamo.

"Posamvetsa muzifunsa, a Zakeyo," anatero Mayi Feiga. "Kwathu mwana wosafunsa timamudera nkhawa."

"Mayi, ine ufa ndinabadwa nawo m'manja," anayankha Zakeyo.

Musaganize kuti Zakeyo analibe chidwi. Chidwi anali nacho chodzaza dengu. Vuto lake, funso ankaliona ngati chigamba cha kumbuyo kwa buluku, chimene mwamuna sayenera kuonetsa anthu. Ndiye ankangoba ndi maso, mutu n'kumadziyankha wokha.

Anaona mapoto ali m'mizere iwiri, ena a zogwirira zofiira, ena a zabuluu. Mutu unamuuza kuti n'zokongoletsa. Anakazinga nyama ndi batala m'poto wabuluu, ndipo Mayi Feiga ataona anangogwira pakamwa. Nasibeko, mayi wochapa zovala, anasuzumira pazenera.

"Kodi mayi, potoyo walakwanji?"

"Kwathu nyama ndi za mkaka sizikumana, ngakhale m'poto. Wabuluu ndi wa mkaka."

"Ndimadziwa," anatero Zakeyo. "Ndimangoyesa poto."

Lachisanu loyamba anaona mayiwo akutsina kachidutswa ka ufa wokanda, kunong'ona mawu, n'kukaponya pamoto. Mutu unamuuza kuti akuyesa kutentha kwa uvuni. Lachisanu lotsatira iye anaponyamo chibuluma chonga nkhonya, kuti ayese bwinobwino, nyumba yonse n'kudzaza utsi. Nasibeko, akutsokomola, anafunsanso, ndipo anayankhidwa kuti kachidutswako ndi gawo la Mulungu, ndipo kamakhala kakang'ono.

Kunena zoona, buledi wa Zakeyo ankafufuma mosiririka. Koma Mayi Feiga akalawa ankati, "Wafufuma bwino. Chikusowa chinachake." Akatero ankamuyang'ana, kudikira.

"Ndachidziwa kale, mayi," ankatero Zakeyo.

Sankachidziwa. Anawonjezera mazira, chosowacho osapezeka. Anawonjezera shuga, chimodzimodzi. Funso linkakwera mpaka pakhosi, iye n'kulimeza. Masabata atatu anatha motero, ndipo mantha anamugwira, poti mkazi wake anali atayamba kale kudzala tomato kuseri kwa kanyumba kaja.

Lachinayi masana, mawa lake likhala tsiku lomaliza, ankapukuta kabati ya m'chipinda chodyera. Kuseri kwa matambula anapeza kanthu kokulunga m'nsalu yoyera. Anakafunyulula. Kanali koluka ngati buledi uja, koma kakang'ono, kachikasu ngati dzira, kolukidwa mwaluso loti iye sakanafikapo. Ananunkhiza. Fungo la uchi.

Loweruka Zakeyo sankabwera kuntchito, choncho anali asanaone kanthuko kakugwiritsidwa ntchito. Mutu wake unayankha msanga monga mwa masiku onse: uyu ndiye mayi wa mabuledi onse, chitsanzo chimene agogo aja anaphika kwawo, chauma ndi zaka. Chinsinsi chili m'menemu. Ndipo khukhi weniweni amadziwa ndi lilime.

Analuma pang'ono kunsonga, osamva kanthu. Anati kukoma kwa zinthu zakale kumabisala m'kati, ndiye analuma chachikulu, mpaka theka. Anatafuna. Chinthucho chinafewa, chinamatirira kumano a m'mwamba, chinagwira a m'munsi, ndipo timaulusi tina tinakola m'mipata ya mano. Anayesa kumeza, chinatsika chochepa chabe. Komabe anapitiriza kutafuna mofatsa, maso ali kudenga, kufunafuna chosowa chija.

Anamupeza ali choncho Mayi Feiga, akulowa ndi Nasibeko amene ananyamula nsalu za patebulo. Mayiwo anayang'ana nsalu yoyera, anayang'ana chotsala m'dzanja la Zakeyo, kenako masaya ake otukuka.

"A Zakeyo, kandulo yathu yotsazikira Sabata mwaitani?"

Kandulo? Iye makandulo ankawadziwa oyera, owongoka. Apa ndiye mafunso anamubwerera ambirimbiri, onse ofuna kutuluka nthawi imodzi. Koma pakamwa panali patamatika. Chimene chinamveka ndi "mmm" basi.

"Kodi mayi, kandulo amailukiranji?" anafunsa Nasibeko.

"Kuti zingwe zake ziyake pamodzi. Timaiyatsa Loweruka madzulo, nyenyezi zitatu zikaoneka, kusiyanitsa tsiku lopuma ndi masiku a ntchito. Ndi ya phula la njuchi."

Mayi Feiga anaseka mpaka kukhala pampando, akupukuta misozi ndi manja awo opindikawo. Kenako kuseka kunatha, ndipo anamumvera chisoni.

"Chosowa m'buledi wanu ndi madzi owiritsira mbatatesi, kapu imodzi. Ndakudikirani masabata atatu. Amayi anga sankandiuza kanthu ndisanafunse, ankati chouzidwa munthu wosachifuna chimagwera panjira. Nasibeko anandifunsa zimenezi Lachisanu loyamba lomwe, ali pazenera."

M'mawa mwake amene anakanda ufa ndi Nasibeko, mayiwo ali pambali kuyankha mafunso ake. Buledi atapsa, Mayi Feiga ananyema, kutafuna pang'onopang'ono, n'kunena kuti amva dzanja la amayi awo. Ukhukhi unapita kwa Nasibeko. Zakeyo sanamuthamangitse, chifukwa cha ana asanu aja. Anamupatsa beseni ndi sopo, ntchito imene Nasibeko anasiya.

Zinamupweteka kwambiri bambo wa ndevu zopesa uja. Anthu odutsa pamsewu ankaima kumuonerera akuyanika nsalu, lilime likufufuzabe m'mano. Tsiku lina wogulitsa nkhuku, amene ankamudziwira kuhotela, anafika pakhomo la khitchini n'kufunsa chimene chinawaonekera a khukhi. Nasibeko sanatukule n'komwe mutu pa ufa umene ankaluka.

"Iwowo? Safunsa anadya phula."