Nkhunda za Che Saidi pakhonde langa

Lolemba

Apongozi akubwera Lamulungu kuchokera ku Thyolo. Koyamba chilowereni chathu m'nyumba ino. Nyumba yake ndi yam'mwamba, pamwamba pa golosale kuno ku Area 25: zipinda ziwiri ndi kakhonde kazitsulo koyang'ana kumsewu. Ndinaisankha ndine, chifukwa cha khondelo. Ndinkati apongozi akadzakhala pamenepo n'kuona maminibasi akudutsa kunsi kwa mapazi awo, adzaiwala zija ananong'ona pachinkhoswe, zoti mwana wawo watengedwa ndi munthu wopanda tsogolo. Ndinamva. Zimandiwawabe.

Panopa pakhondepo pali nkhunda. Zinayamba ziwiri sabata yatha. Lero ndawerenga khumi ndi imodzi. Zitosi pazitsulo, pansi, pampando, ngakhale pathaulo langa.

Mayi akunyumba akuti: "Amayi sangakhale pazitosi. Muone chochita." Awaimbira amayi awowo kuwauza za nkhundazi, koma mayunitsi athera pakati, apongozi asanayankhe.

Pulani yanga:
1. Kuthamangitsa.
2. Kukolopa.
3. Kupukuta mpando.

Masiku asanu ndi limodzi. Mbalame singapose nzeru munthu amene anafika Fomu Folo.

Lachiwiri

Mnzanga wa kuntchito akuti nkhunda zimaopa zonyezimira. Ndisanapite kuntchito ndamangirira ma CD okalika asanu ndi atatu pazitsulo, kuphatikizapo tepi ya kaseti ija wailesi inatafuna. Khonde likuoneka ngati holo ya ukwati.

Madzulo. Nkhunda khumi ndi zitatu! Ina, yaimuna ndithu, ikudziyang'anira pa CD n'kumatukumula khosi. Anthu odikira minibasi pasiteji akukweza maso. Mayi wina wafunsa mwini golosale ngati m'mwambamu tatsegula koonetsera mafilimu.

CD imodzi sinali yokalika. Ndi ya kwaya ya mayi akunyumba, ndipo ndaiboola ndi msomali. Tadya osayankhulana.

Lachitatu

Eni ake apezeka. Che Saidi, telala wa pambali pa golosale, akwera masitepe tepi yoyezera ili m'khosi. Khola lawo la nkhunda lili pambalipo, pamitengo inayi. Ndimayembekeza kuti apepesa. Ayi, abwera kudzadandaula.

"Achimwene, nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu, aliyense amadziwa. Ndiye anthu akundiyang'ana kumzikiti. Ine ndi mayi kwathu ngakhale mbale sitinaswepo."

Ndawauza kuti tikufuna chinthu chimodzi, mutu umodzi susenza denga. Atsika, awaza chimanga pabwalo pawo, aimba likhweru. Ine m'mwamba ndikukupiza tsache. Nkhunda zonse zatsika. Chimwemwe! Ndatunga madzi, ndayamba nambala 2.

Zadya chimangacho, zamwa madzi, zabwerera. Ndiye kuti kwa Che Saidi n'kodyera, kwathu n'kogona ndi kuchimbudzi.

Za ndewuzo ndi zikhulupiriro chabe. Zikanakhala zoona, nkhani ya CD ija ikanazisamutsa dzulo.

Lachinayi

Chidole choopsezera mbalame, monga amachitira kumunda wa mapira. Zipangizo: ndodo ya mopu, hang'ala, pilo wakale, chipewa, ndi jekete langa la suti. Lina lililonse silikanaoneka ngati munthu. Ndachiimika pakona, chikuyang'ana kumsewu. Chikuoneka chaulemu kwambiri.

Zotsatira zake, malinga ndi lipoti la mayi akunyumba:
- Ogulitsa makala achipatsa moni kawiri.
- Mwini golosale akuti ndayamba matama, anthu akundilonjera ine duu.
- Nkhunda ziwiri zakhala paphewa lamanja kuyambira m'mawa, imodzi pachipewa.

Jeketelo ndi lomwe ndimati ndidzavale polandira apongozi. Kumsana kwake kwayera mizeremizere.

Mayi akunyumba: "Munkafuna nyumba yam'mwamba. Walira mvula walira matope."

Lachisanu

Ndapempha kuweruka msanga. Ndati kunyumba kuli vuto, ndipo si bodza.

Nzeru yatsopano: osaopseza, kungotseka. Ndamasula neti yathu ya udzudzu, ndaikhoma ndi misomali kuzungulira khonde lonse. Thukuta kamukamu, dzuwa la Okutobala silisewera. Nditamaliza ndaima pakhomo kuyamikira ntchito. Palibe ingalowe.

Palibenso ingatuluke. Ziwiri zinali kuseri kwa ndowa.

Mphindi makumi awiri za nkhondo. Nthenga m'kamwa. Imodzi yalowa kuchipinda, yatera pabedi, yasiya chizindikiro. Ina yaboola neti, ine ndakulitsa bowolo ndi chigongono. Netiyo tsopano ingathe kutchinga mbuzi basi, udzudzu ayi.

Che Saidi akuwa ali pansi kuti apeza chifukwa chake. Khola ladzaza utitiri, n'chifukwa chake nkhunda zikukana kugonamo. Alisesa, athira mankhwala, afukiza utsi. Ndawayankha kuti chabwino. Maganizo anga ali pa mmene ndifotokozere za neti.

Loweruka

Tadzuka nkhope zili madonthomadontho. Udzudzu wa Area 25 wachita phwando.

Mkangano wayambira pa neti, wadutsa pa jekete, waima pang'ono pa CD, wakafika mpaka ku chinkhoswe. Ndiye tikukanganira pakhonde, pamwamba pa msewu wonse, Loweruka m'mawa, siteji itadzaza. Chikwatiranireni sitinakwezepo mawu chonchi.

Iwo: "Amuna anzanu akugula mafiriji, inu mukulimbana ndi mbalame!"

Ine ndanena china chokhudza amayi awo. Sindichilemba muno. Ndikuchita nacho manyazi.

Ndowa yagwa, yagubuduka masitepe onse mpaka pakhomo pa golosale. Nkhunda zonse phaa! Zazungulira kamodzi, zakatera pakhola la Che Saidi, zalowa.

Masana: palibe. Madzulo: palibe. Ine ndikudziwa kuti ndi mankhwala a utitiri aja. Msewu wonse ukudziwa zina. Mwini golosale wandibwezera ndowa osandiyang'ana kumaso. Che Saidi akuimba nyimbo pamakina awo.

Ndapepesa kwa mayi akunyumba. Andiuza kuti ndigwire mopu. Takolopa awiri mpaka simenti yawala. Mpando ndaupukuta kawiri. Khonde lakonzeka, ndipo nambala zonse zitatu ndachonga.

Lamulungu

Apongozi afika masana. Ndawachingamira pasiteji nditavala shati yokha, ndasenza chikwama, ndikuyenda patsogolo patali monga mwa ulemu. Pagolosale aima kulonjerana ndi akazi a mwini golosale. Malonje ake atalika. Ndikuona dzanja likuloza m'mwamba.

Akwera. Mayi akunyumba awatsogolera pakhonde. Apongozi sanayang'ane maminibasi. Sanayang'ane simenti. Ayang'ana pazitsulo, ayang'ana kudenga, kenako akhala pansi, mpando ataukana. Ine ndanjuta pakhomo, maso kumbali. Apongozi amasula kampango, atulutsa jumbo ya misere ya chimanga. Akuyankhula ndi mwana wawo, koma mawuwo akulunjika kwa ine.

"Ine nditamva Lolemba kuti nkhunda zabwera zokha pakhomo panu, ndinaluluta. Ndinauza amayi onse a kutchalitchi kuti mkamwini uja ndinamulakwira, kwa mwana wanga kuli mtendere. Miserenso ndinazitengera. Ndiye zili kuti?"



Ndayamba kufotokoza za utitiri. Mayi akunyumba andiponda phazi. Apongozi akuyang'ana madontho ofiira ali kumaso kwa mwana wawo. Afunsa ngati ankhoswe anga akadali ku Kawale komwe kuja, ndipo ngati ali ndi foni. Akuti sabwerera ku Thyolo mpaka nkhaniyi ikambidwe, kapena nkhunda zibwerere.

Ankhoswe akuti apezeka Loweruka likubwerali. Apongozi atenga chipinda chachiwiri.

Dzuwa lapendeka. Ndachotsa misomali yonse. Ndawaza misere pasimenti yomwe ndinakolopa dzulo, ndaika madzi m'mbale yabwino ya alendo. Ndikuimba likhweru monga amachitira Che Saidi, koma langa likutuluka mphepo yokha. Che Saidiwo ali pansi apo, akhala pafupi ndi khola lawo, akazi awo pambali, akumwa tiyi. Andikwezera kapu.

Nkhunda pakhonde: palibe. Kwabwera khwangwala mmodzi. Apongozi amuona.