Akhwangwala a ku Chunga ndi Diresi la Amake Tisa

LOLEMBA

Ntchito ya sabata ino: kuthamangitsa akhwangwala pakhomo pano Lamulungu lisanafike.

Ndilembe bwino mmene zinayambira. Amake Tisa anadzicheka ndi lata kudimba lathu la repu kuseri kwa nyumba. Kachilonda kakang'ono pa mwendo, koti n'kumanga kansanza basi. Kenako mwendo watupa. Makapisozi a kukiliniki akanika, jekeseni wakanika, mpaka kugonekedwa m'chipatala pa diripi. Adokotala akuti tizilombo ta m'chilondamo sitimva mankhwala amene tinawazolowera. Pano atuluka, koma Tisa, mwana wathu woyamba, wawatengera kwake ku Mtendere. Akuti kuno ku komboni ya George mayi ake sabwerera mpaka pakhomo payere, ndipo Lamulungu abwera yekha kudzayendera. Mwana amene ndinkamupukuta mamina ine!

Tisa anafunsa nesi kuti tizilombo tamakani chotere timachokera kuti. Nesi anatchula zambiri: kusiyira mankhwala panjira, kugula makapisozi pa kantemba, kuwathira m'madzi a nkhuku, madzi a m'ngalande, mwinanso mbalame. Akuti mbalame zimakadya ku mtaya wa ku Chunga, kumene kumathera matewera ndi mapilisi otsala a tauni yonse, kenako n'kudzasiya zitosi pa malata, mu mgolo wa madzi, pa ndiwo zamasamba. Pa zonsezo ine ndasankhapo mbalame. Zinazo zikukhudza chitini changa cha mankhwala otsala chomwe chili pamwamba pa kabati, ndipo chitinicho sichinalakwire munthu.

Adani:
– akhwangwala, ambirimbiri, makolala oyera ngati akupita ku msonkhano wa abusa
– mpheta (izi ndizisiye kaye, n'zazing'ono)
– akakowa amene amangodutsa m'mwamba osatera. Ndangowalemba kuti asadzati sindinawaone.

Ndinagwira ulonda pa depoti mpaka kupuma, pa shifiti yanga sipanasowe ngakhale tayala. Ndiye mbalame n'chiyani?

LACHIWIRI

Legeni. Ndapanga ndekha ndi chubu cha njinga, yokongola ndithu.

Mwala woyamba wapita kumene wafuna. Wachiwiri khwangwala wangotukula mwendo kuti udutse. Wachitatu wamenya dishi ya TV ya ba Mulenga, neba wanga wa kuseri kwa mpanda, mpira uli mkati. Maso si aja akale.

Ba Mulenga ndi Mbemba, ndiye ndi mbuya wanga, timanyozana mwaufulu. Atulukira pa mpanda: "Ba neba, mbeba zasila kuti muyambe kusaka vikwangwala?" Akutiseka ife odya mbewa. Ndawakumbutsa za anyani amene anawadya mpaka kuwamaliza kwawo ku Kasama. Dishi ndawongola ndi pulayala. Ikuonetsa, koma osewera akuoneka aatali.

Ndili pa mpandapo ndaona madzi a nkhuku zawo ali achikasu. Akuti amathiramo makapisozi aja ofiira ndi akuda, "ni ya mphamvu chabe". Mpheta zikumwa momwemo pamzere, zikamaliza zikudumphira mu repu wanga. Ndazichotsa pa zazing'ono, ndaziika pa adani enieni.

Chimodzi chikundidabwitsa. Nyumba zonsezi, malata onsewa, koma akhwangwala amatera pano. M'mawa amaima pafupi ndi khomo la kukhitchini, osakuwa, kungoyang'ana chitseko. Mwano!

Chakudya: buledi ndi tiyi. Masananso chimodzimodzi. M'nyumba muli zii, ndamenyetsa chitseko dala koma palibe wondikalipira.

LACHITATU

Nzeru zatsopano: chidole choopsezera mbalame.

Ndakhala pansi n'kudzifunsa moona mtima kuti pakhomo pano choopedwa n'chiyani. Si ine. Galu wa ba Mulenga amandidutsa ngati mtengo. Koma amake Tisa akangotsokomola, galu amabwerera, zidakwa zimasintha njira, wowerenga mita ya madzi amavula kapu. Ndiye chidolecho chivale zawo.

Zida:
– mitengo iwiri yopingasa
– masaka a makala odzaza mapepala
– chigubu cha mafuta ophikira, mutu
– diresi lawo la maluwa lija amavala m'mawa, duku wofiira, chitenje
– thabwa lovundikira mgolo wa madzi, lokhomerapo kuti chisagwe

Ndachiimika pakati pa bwalo. Chafanana nawo kwambiri, mpaka ndachita mantha ndekha. Ndikusuzumira pa windo masana ndapezeka ndafunsa kuti shuga ali pati. Palibe wandimva, mwamwayi.

Zotsatira: akhwangwala abwera ambiri kuposa dzulo. Azungulira chidole, aima pamapazi pake, mitu m'mwamba. Mmodzi wakwera paphewa n'kukhala phee. Ndikuona kuti akuchiyesa kaye, mantha awagwira mawa.

LACHINAYI

Mantha sanawagwire. Aitana ndi abale awo.

Diresi lathimbirira ndi zitosi mbali imodzi. Ndikaima ine pabwalo amasuntha pang'ono mwaulemu, ndikalowa amabwerera kwa chidole. Mbalame za ku Chunga zinaona zambiri, sizidabwa.

Ba Mulenga pa mpanda: "Kwathu timakolobeka kamodzi kakufa. Vinzake vikaona, vitaba." Malangizo a Mbemba ndinayenera kuwakayikira, koma Lamulungu layandikira. Ndapeza khwangwala wakufa pansi pa polo ya magetsi, msewu wopita ku Matero. Ndamunyamula pamanja chifukwa pulasitiki ndinaiwala. M'manja ndasamba pambuyo pake, ndikuganiza kuti ndi sopo.

Ndamupachika chadodolido pa nsungwi, pambali pa chidole.

Mayo ine! Sanathawe. Abwera ku maliro. Mawaya a magetsi ada bii, malata anga ada bii, mtengo wa mapeyala wa ba Mulenga ukuwerama. Kukuwa kwake munthu sungamve wailesi. Azimayi a mzere wathu atuluka atamanga zitenje kufunsa kuti kwagwanji. Aima pa geti, ayang'ana chidole, ayang'ana mbalame yopachikayo, ayang'ana ine. Abwerera kwawo.

Zitosi: pa malata, pa khonde, pa repu, pa njinga, pa ine.

Ba Mulenga akuti kwawo akhwangwala ake ndi ena.

LACHISANU

Lero palibe akundipatsa moni. Mayi wogulitsa tomato pa kona wandipatsa chenji poika pa tebulo, osati m'manja.

Ndamva kuseri kwa mpanda, mawu a mzimayi: "Mukazi adwala mwendo, beve bapanga chidoli na vovala vake, na kanyoni kakufa pambali. Imwe muganiza ni chani?" Wina wayankha kuti alonda onse amakhala ndi kenakake m'thumba. Ine amene ndinkalondera ndi tochi yopanda mabatire!

Masana abwera akulu a mpingo awiri. Mpando akana, madzi akana. Ndawafotokozera zonse mwadongosolo: mtaya wa ku Chunga, mapilisi otayidwa, tizilombo tosamva mankhwala, tosaoneka ndi maso, toyenda m'mimba mwa mbalame. Amvetsera mpaka kumapeto. Wamkuluyo akuti: "Eya, ifenso tabwerera zosaoneka zomwezo." Apemphera ataimirira, mokweza kuti apose akhwangwala. Sanawapose. Potuluka, jekete ya wamng'onoyo yalandira chake kuchokera pa waya, ndipo wandiyang'ana ngati ndatuma ndine.

Kenako foni. Tisa. Wina wamutumizira chithunzi cha bwalo langa. "Adadi, ni vichani ivi? Diresi ya amami? Mufuna anthu azikamba chani?" Ndayamba kufotokoza za thabwa ndi masaka, wadula. Ndinafuna kupempha kuti andipatse mayi ake ndimve mawu awo, sindinafikepo.

LOWERUKA

Kugwetsa zonse.

Khwangwala wakufa ndamukwirira kuseri kwa chimbudzi. Pokumba ndatukula mutu, ndaona mitu inayi pa mpanda. Ndawapatsa moni, mitu yalowa.

Chidole ndaphwasula. Diresi ndachapa kawiri, ndayanika pa chingwe. Akhwangwala asamukira pansi pa chingwe.

Ndasesa, ndakolopa khonde, ndazula repu yense. Pamalata sindinakwere, mawondo akana. Ndiye kumwamba kwandithandiza: mvula yamphamvu, yatsuka malata onse mbee. Ndaima pakhomo kuthokoza Mulungu, mpaka ndakumbukira kumene madzi a pamalata amapita. Mu mgolo. Thabwa lovundikira lili uko, likadali ndi misomali ya chidole. Zitosi za maliro onse aja zili m'madzi athu akumwa.

Ndagubuduza mgolo, madzi adzaza bwalo lomwe ndinasesa, atenga ndi matope a mumsewu. Chitini cha mankhwala ndachichotsa pa kabati, ndachiika pansi pa bedi. Kumeneko ndi kukonza ndithu.

Ndakhala pa mpando ndili chinyowere. Ndinene zoona, ndikuopa. Tsiku lija m'chipatala adokotala anati mankhwala omalizawo akakanika akambirana za mwendo, ndipo ine ndinayang'ana pansi ngati sindinamve. Ngati n'zoona kuti tizilomboto tinachokera pabwalo pano, ndiwabweretse bwanji? Koma ndawasowa amake Tisa. Ndawasowa kwambiri, ndipo si za buledi.

LAMULUNGU

Kutchalitchi sindinapite, ndapatsa akulu a mpingo mpata.

Tisa wafika ndi amuna ake. Sanakhale n'komwe pansi. Wayang'ana matope, wayang'ana akhwangwala ali ndandanda pa chingwe, walowa m'nyumba, watuluka ndi chitini. Pansi pa bedi ndi pamene anayambira kufufuza. "Amami sabwela kuno mpaka chilonda chipole. Vamene ivi nipeleka ku kiliniki." Mkamwini wanga wangoyang'ana nsapato zake. Ndapempha kuti ndikwere nawo galimoto ndikawaone. Bambo wamkulu kupempha lifiti kuti akaone mkazi wake!

Ku Mtendere ndawapeza pa khonde, mwendo uli pa kampando, aonda, koma maso ndi omwe aja. Ndagwira dzanja lawo nthawi yaitali, sanalichotse. Ndikudikira kuti afunse ngati ndikudya.

"Mbalame zanga mukuzipatsa?"

Ndafunsa kuti mbalame ziti.

Akuti akhwangwala. Akuti chiyambire ndili pa ntchito ya ulonda, ine ndikafika m'mawa n'kugona, iwo ankatuluka ndi mkute n'kuwamwazira pakhomo la kukhitchini, chifukwa m'nyumba munalibe wolankhula naye. Akuti akhwangwalawo anawazolowera, akangoona diresi la maluwa amatera okha. Za chithunzi Tisa sanawauze. Za nesi anamva, akuti n'zoona mwina, ndiye ndiziwamwazira kutali ndi mgolo, kumpanda wa ba Mulenga, ndipo mgolowo ndizivundikira.

Ndati zikudya bwino. Ndati sabata ino zinabwera zambiri.

Iwo atsala ku Mtendere, mpaka liti sindikudziwa. Potsanzikana atuma Tisa kukhitchini, wabwera ndi kontena yomanga mu pulasitiki, yolemera bwino. Mtima wanga wakhala pansi, ndathokoza ndi manja awiri.

"Si yanu," atero amake Tisa. "Muziwapatsa m'mawa, asanakuwe."

Ndakwera minibasi ya ku tauni, kenako ya ku George, kontena ili pamiyendo.