Kuyeza Chipinda cha Apongozi

Lolemba
Kuzizira! Anandinamiza ndani kuti ku Australia kulibe chisanu? Apongozi, mayi a mkazi wanga, anabwera kudzaona mdzukulu, korona n'kuwatsekera malire. Munthu wa ku Nsanje mu Julaye wa ku Perth! Akutsokomola, koma ukawafunsa: "Tili bwino, bambo." Majuzi atatu ali m'thupi. Basi, ndiwaikira hitipampu, makina otenthetsa chipinda.

Lachiwiri
Ndaimbira kampani ina ya ku Malaga, konkuno ku Perth. Kubwera sangabwere, tili pa lokodauni. Mzungu wake akuti ndiyeze ndekha:
mulitali ndi mulifupi mwa chipinda,
kukula kwa zenera,
ngati kudenga kuli zotchinga kuzizira.
Akuti hitipampu yaing'ono siitenthetsa, yaikulu imangoyaka n'kuzima. Ndangovomera ngati ndamva.

Lachitatu
Tepi ili m'manja, ndafika pachitseko, ndabwerera. Mkamwini kulowa kuchipinda kwa apongozi? Ndinakulira kuti ine? Mkazi wanga ndi namwino, masiku ano akugona kwina kuopa kutipatsira matenda. Pafoni akungoseka: "Ingolowani, kuno ndi ku Perth." Perth yakeyo idzandiyankhira kumudzi?

Lachinayi
Nzeru! Ndiyezera kunja. Ndili pazenera, tepi ili pagalasi, katani yatseguka. Maso ndi maso ndi apongozi. Ndagwada m'maluwa a landilodi n'kupereka moni. Manambala onse athawa m'mutu.

Lachisanu
Ndatumiza zongoganizira. Mzungu uja wayankha: "Mukutenthetsa chipinda kapena tchalitchi?" Kaya ndasakaniza mafiti ndi mamita, kaya ndawerengera khitchini, sindikudziwa. Chifuwa cha apongozi chikukulirakulira. Ndikuchita mantha tsopano.

Loweruka
Mkazi wanga wawaululira zonse. Apongozi, mwaulemu wawo, anyamula matiresi, mabulangete ndi Baibulo, asamukira pabalaza kuti ndiyeze momasuka. Ndalowa! Ndayeza khoma lililonse, kudenga ndasuzumirako, mzungu wakhutira.

Lamulungu
Pabalaza pamalowa dzuwa, ndipo kahita kathu kakang'ono kali pompo. Apongozi agona bwino, chifuwa chachepa. "Ine pano sindichokapo, bambo."
Ndiye kuti balaza ndi chipinda chawo tsopano. TV ili momwemo. Njira ya kukhitchini ndi yomweyo. Mzungu akuti nditumize miyezo ya balaza.
Ndakhala m'chipinda chozizira chija, chokhacho chomwe ndikudziwa kukula kwake. Apongozi andimvera chisoni. Andipatsira juzi imodzi pazenera.