Aphunzitsi Elia ndi Miyala Yozungulira Mobwerera

Kwa Dzoole mukafunsa za aphunzitsi Elia, aliyense amati, "Ozungulira mobwerera aja?" Eee, omwewo. Atapuma ntchito anamva pa wailesi kuti kutali uko, kupitirira mapulaneti onse, kuli miyala ya madzi oundana yozungulira dzuwa mosemphana ndi inzake, njira yake yopendekekanso. Basi, mutu wa mkuluyo unagwira pomwepo.

"Lidia," anauza akazi awo, "ngati Mulungu anaisiyira malo miyala yosemphana, ine ndikuoperanji?"

"Miyalayo ili ndi apongozi? Ili ndi mpingo?" anafunsa a Lidia.

A Elia sanamve. Pa ukwati anthu akamavina mozungulira, a Elia ankatulukira kutsogolo kwawo, khosi atapendeketsa, mpaka phu! mphumi ndi ankhoswe. Timu ya kwathu itawina n'kumathamanga kuzungulira bwalo, iwo analowera kwina ndi ndodo yawo, nagwetsa goloboyi yemwe tsiku lonse palibe anamugwetsa. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. A Lidia okha ankangoti, "Chidzatigwera."

Chinawagweradi, pa maliro a mchimwene wa a Caleb, mkulu wa mpingo. Poona nkhope, mzere unkadutsa kumanja kwa bokosi. A Elia analowera kumanzere. Nyimbo inadukira pakamwa pa amayi, namfedwa anadzutsa mutu. Pofika mawa nkhani inali itapsa mudzi wonse: munthu wozungulira mtembo mobwerera akufunanji, ngati si kudzaufukula?

A Caleb anabweretsa okha kalata, osalandira ndi mpando womwe. Bwalo la akulu a mpingo, Loweruka la sabata ya mawa. A Lidia anadziwa kothera kwake: kudulidwa. Ndipo wodulidwa akamwalira, kwaya siibwera, amayi a zovala zoyera sabwera. Amangokwiriridwa mwakachetechete ngati nkhuku ya chitopa. Mwamuna wawo, amene anaphunzitsa theka la mpingowo kuwerenga Baibulo!

"Bambo, kapepeseni. Ndakugwirani mwendo."

"Ndikawajambulira chithunzi, akamvetsa."

"Chithunzi cha chiyani, inu?"

"Dzuwa apa, mwala apa. Tandigwirira kunoku pepalali."

A Lidia anagwira pepalalo, ali ndi ukali ndi mantha omwe.

Lachitatu, bwalo lisanakhale, a Elia anagwa m'munda wa mtedza, khasu lili m'manja. Sanadzukenso.

Tsiku la maliro a Lidia anakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, khutu lili kumsewu. Kulira kunawakanika. Dzuwa linakwera, a kumanda anatumiza mawu kuti atha kukumba, koma kumsewu kuli zii. Abale anayamba kunong'onezana kuti tingonyamula. A Lidia anati, "Dikirani pang'ono." Patapita nthawi anatinso, "Dikirani."

Kenako nyimbo inamveka kutsetsereka phiri. Poyamba chapansipansi, kenako gulu lonse la mpingo, zoyera mbee mpaka pamphambano. A Caleb analowa m'nyumba, nagwada, maso ali psuu.

"Mayi, tafufuza m'buku la malamulo a mpingo masiku awiri. Mbali yozungulirira bokosi mulibemo."

"Ndiye?"

"Ndiye amuna anu ndi Mkhristu. Wovuta, koma Mkhristu."

Apo m'pamene a Lidia analira, kulira kwenikweni, mpaka amayi awiri anachita kuwagwira.

Masiku ano kwa Dzoole kuli phee. Pobwera kumunda timangokamba za feteleza ndi mvula, nkhani n'kutha tisanafike pamjigo. Tawasowa mkulu uja, tisaname. Tsiku lina a Susana, oyandikana nawo nyumba, anawauza a Lidia kuti koma tsopano mwapuma. A Lidia anaseka pang'ono, napukuta m'maso ndi chitenje.

"Zaka khumi ndinkapempha Mulungu kuti andipatse mtendere. Wandipatsa. Nanga ndiutani?"