Tsiku Limene Ndinakhalira Sikirini pa Ukwati wa Mlamu Wanga

Mpaka lero ndikamva ng'oma zikulira cha kumanda, ndimasintha njira. Ndisanamizire munthu ayi, wolakwa ndine ndemwe ndi matama anga.

Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Mchinji. Chaka chatha ndinagula droni, kandege kaja kouluka ndi kamera, kwa dalaivala wina wa thiraki paboda. Inali yogwirapo kale ntchito. Kuuluka inkauluka bwinobwino, koma kachipangizo kake kotumiza zithunzi pansi kanali katafa, ndiye ndinkangoulutsa mwakhungu n'kudzapeza kuti ndajambula madenga a zimbudzi okhaokha. Pankafunika zinthu ziwiri: thiransimita, yomwe imamangidwa pa droni kuti izitumiza zithunzi, ndi sikirini yoonerapo uli pansi.

Ndinapita paboma kwa Che Yusufu, amalonda a zamagetsi. Anandiyalira mitundu iwiri pakauntala. Woyamba unali kathiransimita kopepuka ngati bokosi la machesi, ndi kasikirini kolingana ndi chikhatho. Wachiwiri, eee, abale inu! Chithiransimita cha nyanga ziwiri chokhala ndi maikolofoni, ndi chisikirini cha batire yakeyake, sipika, ndiponso bowo lolumikizira ku TV yaikulu. Che Yusufu anandiuza mosabisa kuti chachikulucho n'cholemera, chimadya batire ya droni, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti zithunzi zake zimafika kutali kuposa pamene rimoti yanga ingalamulire. Anati ndidzangoona droni ikupita koma ndilibe poigwira. Pa zonsezo khutu langa linatola mawu awiri okha, TV yaikulu, ndipo ndinagula chachikulucho. (Wamalonda akamakukaniza katundu wodula, khala pansi umve. Ine ndinamvera chiimire, chikwama chili kale m'manja.)

Ntchito yoyamba inali ukwati wa mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, kwawo ku Mavwere mwezi wa Seputembala. Kumudzi kumeneko ine ndine mkamwini wamba, uja amatumidwa kukabwereka mabenchi kutchalitchi. Ndinati lero lokha andidziwa. Ndinaika TV patebulo pafupi ndi akwati, ndinailumikiza ku sikirini yanga, woyendetsa mwambo n'kulengeza pa maikolofoni kuti aliyense adziona yekha kuchokera kumwamba.

Poyamba zinayenda mokoma. Droni itakwera, anthu anaona mitu yawo pa TV, nthungululu zinalira, perekaniperekani n'kuima yekha. Apongozi anga aakazi, amene mwamwambo sitiyang'anana kumaso, anaseka mpaka kugwira pakamwa. Wina anapempha kuti ndionetse khola lake, wina chigafa chake cha fodya, wina dimba lake la kudambo. Ine mapewa ali m'mwamba, ndinkangokankhira patsogolo ngati ndinabadwira m'ndege.

Kenako kunabwera kamphepo kaja ka masana m'chilimwe. Ndinati ndikhotetsere kumanja, droni osamva. Ndinati ndibwezere m'mbuyo, droni osamva. Ndinakweza rimoti m'mwamba, ndinakwera pabenchi, koma ayi ndithu. Droni zamakono zikasowa mwini wake zimabwerera zokha. Yangayi inali ya makedzana, inangodzipereka kwa mphepo. Koma chithunzi pa TV, mayo ine, chinali mbee, moti ukanatha kuwerenga mizere ya m'munda.

Dimba linadutsa, dambo linadutsa. Kenako chakumtunda kwa TV kunayamba kutulukira chinkhalango chobiriwira pakati pa minda youma. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno mitengo yotsala yokha chotero ndi manda basi. Pomwepo ndinakumbukira zimene mkazi wanga anandiuza m'mawa ndikupukuta kamera: mudzi wa kutsidya unali ndi mwambo wa chiliza mawa lake, ndipo a gule wamkulu anali kale kudambwe, malo awo obisika m'nkhalango momwemo. Kumeneko munthu wosalowa gule saponda, sasuzumiranso. Ine ndinakulira m'kwaya ya kutchalitchi, za kudambwe ndinkadziwa chinthu chimodzi chokha chimene tinkaopsezedwa nacho tili ana: wosuzumira amakokeredwa komweko n'kukalowetsedwa, afune asafune. Tsono ine sindinkasuzumira ndekha. Ndinkasuzumiritsa mudzi wonse, amayi ndi ana omwe, pa TV ya jenereta.

Amayi ndiwo anayamba kuzindikira. Popanda wowauza, onse anatembenuka nthawi imodzi n'kulozetsa misana ku TV, ena akuphimba ana kumaso ndi zitenje. Wanyimbo anazimitsa zoimbira zake. Pabwalo panangoti zii, ndipo m'bata limenelo tinamva ng'oma zikugunda chapatali. A Mbewe, atsibweni ake a mkazi wanga, amene aliyense amadziwa kuti ndi mmodzi wa akuluakulu a kudambwe, anaika pansi chikho cha thobwa n'kuimirira. Anangondiloza ndi maso. Kukanakhala bwino akanandikalipira.

Ndinadumpha pabenchi n'kuzula chingwe cha TV. Inazima. Ndisanapume n'komwe, ndinaona kuwala patebulo. Chisikirini changa chija, cha batire yakeyake, chinkaonetsabe nsonga za mitengo zikuyandikira. Ndinatsinzina n'kuyamba kufufuza batani lozimitsira ndi zala. Ndinadinadina mabatani onse kupatula loyenera. (Pambuyo pake ndinamva kuti limafuna kulisindikiza kwa kanthawi. Kabuku ka malangizo ndinali nditayatsira mbaula.) Nzeru zitandithera, ndinachigwetsa pansi chafufumimba n'kuchikhalira, suti yanga ya ukwati ili m'fumbi.

Ndinaganiza kuti ndapulumuka. Koma batire ya droni inali itatha, monga ananenera Che Yusufu, ndipo droniyo inayamba kutsikira m'nkhalango muja. Pansi panga panamveka kuti tswatswatswa, masamba. Kenako khotyo, nthambi. Kenako chifuwa, wina akutsokomola. (Kaya anali munthu, kaya chinali chiyani, ine sindinanene.) Maikolofoni ija! Ndipo m'kudinadina kuja ndinali nditakweza voliyumu mpaka pamapeto.

Sindikudziwa kuti nzeru imeneyi inachokera kuti, koma ndinayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu anga onse kuti ndiphimbe phokosolo. Mantha anandisokoneza mutu, moti nyimbo imene inatuluka inali ya pamaliro. Pa ukwati. Ndinkaimba maso ali chitsinzinire, zala zili m'makutu, thukuta lili kamukamu. Chodabwitsa, amayi aja, misana ili chilozere kwa ine, anailandira. Apongozi anga ndiwo ankatsogolera. Mkwatibwi anayamba kulira, kaya chifukwa cha nyimboyo kaya chifukwa cha ukwati wake, mpaka lero sindinamufunse. Tinaimba ndime zitatu, kenako pansi panga panamveka kuti phwa, galasi lasweka, sipika n'kukhala chete.

Nditatsegula maso ndinaona nsapato za a Mbewe patsogolo panga.

"Akamwini, mwaona chiyani?"

"Mitengo, atsibweni."

"Mitengo yokha?"

"Ndi masamba ake."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati ndisachoke pamudzi mpaka abwereko, ndipo anatengana ndi azibambo awiri n'kulowera njira ya kudambo. Ndikuulula pano kuti atangopotoloka ndinazemba kupita pamene ndinaimika njinga yanga yamoto. Kiyi panalibe. Ndinafunsa amene anali pafupi, aliyense ankangoyang'ana kumbali.

Masana amenewo anali aatali kuposa chaka. Ukwati unapitirira mozizira, ine ndili khale kuseri kwa nkhokwe. Nkhuku ikapalasa zinyalala ndinkadzidzimuka, mbuzi ikagwedeza mpanda ndinkati basi afika. Ndinkadziona akundikoka miyendo kudutsa m'ziputu za chimanga, kenako dzina langa likuwerengedwa kutchalitchi pakati pa odulidwa. Mkazi wanga anandibweretsera madzi, ndipo ndinamupempha kuti akadzauza mayi anga nkhaniyi adzayambe ndi zoti ndinaimba nyimbo ya Mulungu. Iye anangoti ndimwe madziwo ndisiye kunjenjemera, anthu akuona. Koma nayenso m'maso munali mutafiira.

Dzuwa litapendeka a Mbewe anatulukira atanyamula thumba la feteleza. Ndinayang'ana kumbuyo kwawo kaye kuti ndione ngati kukubwera zina. Anali okha. Ndinagwada osadziwa kuti ndagwada liti. M'thumbamo munali droni yanga, kamera itakulungidwa ndi masamba n'kumangidwa ndi luzi, memori khadi yosunga zithunzi mulibe, nyanga ziwiri za thiransimita zitathyoledwa bwinobwino ngati ndi munthu wodziwa ntchito yake.

Anandiuza kuti nkhani inavuta. Ena ankati popeza ndayamba kuona, ndibwere ndidzamalize. Iwo anandipepesera ponena kuti amandidziwa kuyambira tsiku la chinkhoswe changa, ndipo si ine wamwano koma wopepera chabe. (Sindinayambe ndakondwera ndi chipongwe ngati tsiku limenelo.) Anagamula kuti ndipereke mbuzi, ndipo ndinavomera asanamalize n'kutchula komwe. Atatero anatulutsa kiyi wa njinga yanga m'thumba la jekete lawo n'kundipatsa.

"Chimene mwaona ndi chimene mwamva chitsale m'mimba mwanu," anatero.

"Koma atsibweni, kunena zoona sindinaone kanthu."

"Eya. Muziyankha choncho."

Ndiye vuto langa lagona pamenepo. Mbuzi ndinapereka, kudambwe sindinapite, ndipo masiku ano ndikafika pamudzi kukajambula ndimayamba ndafunsa kuti kumanda n'kuti ndisanapereke ndi moni womwe, zomwe eni ukwati sakondwera nazo. Koma ku Mavwere palibe amene amakhulupirira kuti ndinaona mitengo yokha. Anthu anationa tikunong'onezana ndi a Mbewe kuseri kwa nkhokwe, basi nkhani inathera pomwepo. Anasiya kundituma mabenchi aja. Azibambo ena amene kale sankandiyankha moni amandigwira chanza mondifinya. Akulu a mpingo anandiitana kawiri kuti tingocheza, ndipo ndikamalumbira kuti palibe chimene ndikudziwa amangoyang'anana.

Ngakhale mkazi wanga, amene timadyera mbale imodzi. Tsiku lina tikusenda mtedza pakhonde anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu.

"Bambo a Tadala, tili awiriwiri pano. Munaona chiyani?"

Ndinalumbira pali mayi anga kuti mitengo basi. Anandiyang'ana ndi ulemu umene sanandipatsepo chikwatirane, n'kugwedeza mutu.

"Anakulangizani bwino," anatero, n'kupitiriza kusenda mtedza.