Tsiku Limene Kompyuta Yanga Inakoka Nyanja

Mwezi wa Okutobala chaka chathachi, Lachiwiri m'mawa dzuwa litakwera, kompyuta imene ndinalumikiza ndi manja angawa inakoka nyanja kuichotsa pamalo pake, ndipo akazi anga a Nambewe anatsala pang'ono kupita nayo. Amene akufuna kuseka asekeretu panopa, amalize, kenako amvetsere. Ine ndinaphunzitsa sayansi ku pulayimale zaka makumi atatu, ndawerenga mabuku ambiri kuposa amene ali m'nyumba zonse za ku Senga Bay kuno, ndipo palibe chimene ndimadana nacho ngati munthu wowonjezera nkhani. Zimene ndikuuzenizi ndazichepetsa kale.

Zinayamba bwinobwino. Mwera ukawomba asodzi salowa panyanja, amangokhala pamchenga masiku anayi kapena asanu, ena n'kuyamba kachasu. Ndinaganiza zowakonzera malo m'chipinda changa choyang'ana kunyanja kuti azisewera mpira wa pa kompyuta. Koma kompyuta ya magemu si ija ya mu ofesi. Umagula zipangizo chilichonse pachokha, purosesa, bolodi, khadi yotulutsa zithunzi, bokosi lake, n'kulumikiza wekha, ndipo ukalakwitsa chimodzi zonse zimapsa. Poti kuno kulibe wozidziwa, ndinafunsa pulogalamu ya pafoni ija amaitcha AI, imene umailembera funso n'kukuyankha ngati munthu. Chichewa chake n'chotsimphina, choncho tinkacheza m'Chingerezi. Ndisainamizire, inandithandiza. Inandisankhira purosesa yogwirizana ndi bolodi, inandiletsa kugula khadi imene sikanalowa m'bokosi, inandiuzanso ngati mabatire anga a sola angapirire.

Kenako inafunsa kuti chipinda chimene ndiikemo kompyutayo chimatentha bwanji.

Ndinali nditayamba kulemba nambala yake yeniyeni pamene a Jafali, mnzanga wa maboti awiri amene anali pambali panga akusoka ukonde, anafuna kudziwa chimene foni ikundifunsa. Ndinawamasulira.

"Aphunzitsi, musachiuze manambala chimenecho, chiyesa kuno n'ku Dedza. Chiuzeni zoona."

"Zoona zake ndi zimene ndikulembazi."

"Iyayi, inunso! Chiuzeni za nkhuku zathu, chimve mantha."

Tsono muyenera kumvetsa mmene timalankhulira kunyanja kuno. Msodzi akakuuza kuti wapha usipa wodzaza boti, umadziwa kuti ndi theka la boti, iyenso amadziwa kuti ukudziwa, ndipo palibe wanamizidwa. Wolankhula amawonjezera, womvera amachotsera, nkhani n'kukumana pakati. Ine ndinaiwala kuti pulogalamu sichotsera. Kamodzi kokha pamoyo wanga ndinalankhula ngati msodzi. Ndinalemba kuti mu Okutobala nkhuku zathu zimaikira mazira owiritsa kale, kuti malata amafewa n'kumadontha ngati phala, kuti usipa ukauponya kuchoka m'boti umafika pamchenga utauma, ndiponso kuti chaka china misomali inasungunuka m'zitseko. A Jafali anaseka mpaka chosokera chinawagwa m'manja. Pulogalamu sinaseke. Inandithokoza chifukwa cha mfundo zothandizazo, n'kunena kuti malo otero mafani oziziritsa kompyuta awiri kapena atatu sangathe, pafunika mafani makumi awiri ndi anayi amphamvu kwambiri, onse okoka mpweya kuchokera mbali imodzi, ndipo bokosi liikidwe pawindo.

Ndinachita manyazi kubweza mawu pamaso pa a Jafali. Ndinaitanitsa zonse kudzera mwa munthu wina woyenda ku Joni, zinafika pa kabaza m'makatoni atatu, ndinalumikiza masiku awiri.

Lachiwiri lija kunali bata, nyanja ili phee, opanda ndi kamphepo komwe. A Nambewe anali kumathandala oyanikira nsomba, pakati pa nyumba ndi madzi, akutembenuza usipa wawo. Iwo ndi a ku Dowa. Akhala kuno zaka makumi anayi koma kusambira sadziwa, madzi akangowafika m'mawondo amayamba kupemphera.

Ndinadina batani.

Poyamba kunangomveka kulira kwapansipansi ngati njuchi zili m'mphako. Kenako kalendala inachoka pakhoma. Kenako mbalame zonse zinasiya kulira nthawi imodzi. Nditatuluka panja ndinaona usipa ukunyamuka pamathandala, osati kumwazika ngati wauluzidwa, ayi, ukubwera mumzere umodzi mitu kutsogolo ngati ukusambira m'malere, ukulowa pawindo, ukudutsa m'mafani n'kutulukira kukhomo la kuseri uli ufa, ndipo pambuyo pa usipa panabwera zitenje zoyanika, mabeseni, nkhafi, agalu awiri akulira, ndi mchenga wa gombe lonse mpaka panatsala thanthwe lokhalokha limene makolo athu sanalionepo. Mukumva? Ndiye nyanja inadzuka. Sanali mafunde, mafunde ndimawadziwa, amabwera n'kubwerera. Iyi inapendekeka yonse ngati munthu watukula beseni mbali imodzi, madzi a kutsidya la ku Makanjira anaphwa mpaka anthu akumeneko ankatola nsomba ndi manja, onsewo n'kuunjikana kuno, khoma lobiriwira lalitali kuposa mlambe, likuyenda pang'onopang'ono osachita phokoso, m'kati mwake mukuoneka mvuu zitatu zikupalasa miyendo, ng'ona ili chagada, ndi injini ya boti imene a Jafali anamiza kalekale, ndipo chilumba cha Namalenje, chimene mumachiona patali chija, chinasendera mpaka ndinatha kuwerenga abuluzi ali pamiyala yake.

A Nambewe anali atakumbatira mtengo wa thandala, miyendo ili m'mwamba ngati mbendera. Mbali ina khoma la madzi likubwera, mbali ina mafani anga akuwakoka. Sanakuwe. Anangondiyang'ana.

Ndinakwawa chafufumimba mpaka pamabatire n'kuzula waya. Mafani sanaime. Mphepo imene anaiyambitsa inali itayamba kuwazunguza yokha, iwo n'kumakoka ina, inayo n'kumawazunguzanso, ndipo nyali ya kompyuta inkawalabe waya uli m'manja mwanga. Ine amene ndinaphunzitsa ana a anthu kuti zotere sizingatheke ndinaziona ndi maso awa. Mphepo yotulukira kuseri ija inali itafika kale kutali. Ndinamva pambuyo pake kuti ku Lifuwu mpunga unadzipeta wokha m'malichero, a kabaza ochokera kuboma anabwerera chafutambuyo akupalasa chakutsogolo, ndipo mbidzi za kumalo osungira nyama a Kuti mizere yonse inakankhidwira kumatako, zinakhala zoyera kumaso mpaka mvula yoyamba.

A Jafali ndinawapeza atadzimangirira ndi ukonde kumtengo wa mango, chipewa chitapita.

"Astaghafirullah! Aphunzitsi, zimitsani chinthu chanucho!"

"Ndazimitsa, chikukana!"

"Ndiye kafunseni komweko kumene munachitenga! Mayiwa akupita!"

Ndinakola mwendo kumtengo womwewo, ndinatulutsa foni, ndinalemba ndi chala chimodzi kuti mafani akukoka nyanja ndipo akazi anga afa. Pulogalamu inayankha mwaulemu kwambiri. Inapepesa, inati ikumvetsa kuti zimenezi n'zodetsa nkhawa, inandandalika mfundo zisanu ndi ziwiri, yoyamba yonena kuti ndizipukuta fumbi kawirikawiri, n'kufunsa ngati ndikufuna kuti iwonjezere zina. Madzi anali atagwira zidendene za a Nambewe. Dzanja lawo limodzi linali litasiya mtengo. Apo ndinalemba chimene ndinayenera kulemba tsiku loyamba lija, ndikuchinenanso mokweza m'Chichewa, kaya chifukwa chiyani: kuti ndinanama, nkhuku zathu zimaikira mazira aawisi ngati za kwina kulikonse, malata sanadonthepo, kuno kumangotentha basi. Inayankha nthawi yomweyo kuti ngati zili choncho mafani atatu akwanira, ndipo kuti onsewa aime, nditseke polowera mpweya.

Polowera mpweya panali pawindo paja, pamene zonse zinkathera. Tsono apa mundimvetsere bwino. Ndinamasula mwendo, mphepo inandinyamula, ndili m'malere ndinakumana ndi bwato likubwera chozungulira, ndinaligwira kumapeto ndi dzanja limodzi, ndinalitembenuza chopingasa, ndinaponda pamphuno pa mvuu imene inali itatulutsa mutu m'khoma lija kuti ndipeze mphamvu, n'kulimenyetsa pawindo, ndipo linatseka ponse kusiya mpata waukulu ngati mbale ya ndiwo, mpata umene, poti panalibe china, ndinautseka ndi msana wanga, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, mafani makumi awiri ndi anayi akundikoka malaya, lamba, khungu, mpaka ndinamva nthiti zanga zikugundana ngati nkhuni pamtolo. Mukundimva kodi? Ndinatsinzina. Ndinkadziwa kuti ndikangotsetsereka pang'ono ndituluka kuseri ndili ufa ngati usipa uja, ndipo a Nambewe atsala okha ndi madzi. Kulira kuja kunatsika, kunatsikanso, kunatha.

Khoma la madzi linaima, linagwedezeka, n'kugwa chagada kubwerera kwawo ndi phokoso limene sindifuna kulimvanso. Chilumba chinabwerera, ngakhale ine ndikachiyang'ana ndimaona kuti chinatsalira pafupi pang'ono. A Nambewe anagwa chokhala. Nditadzisolola pawindo ndinathamangira kumeneko, ndinawagwira mapewa, ndinawagwira kumaso. Anali amoyo, atanyowa mpaka m'chiuno, mpango wokha utapita. Anandiyang'ana n'kunena kuti:

"Bambo, usipa wanga uli kuti?"

Ndikudziwa kuti ena mwa inu munapita kale kukawafunsa, ndikudziwanso chimene amayankha. Amati iwo anaona thandala limodzi litagwa, katani ikukupiza, ndi amuna awo atakanirira pawindo akukuwa ngati mbuzi, zinazo sanazione. A Jafali nawo amati anali atatseka maso chifukwa ankapemphera. Sindiwatsutsa onsewo. Munthu amene wayang'anizana ndi imfa amaiwala zambiri.

Kompyuta ija ilipobe, ili ndi mafani atatu. Ndinaichotsa pawindo, ili kukhoma loyang'ana kumtunda, ndipo a Nambewe akakhala kumathandala sindilola munthu aliyense kuiyatsa. Mafani otsalawo ali m'katoni pansi pa bedi. Ndinawamanga mapiko ndi waya, fani iliyonse payokha.