Mlamu M'bokosi la Mapepala

Nzeruyi inabadwira pa golosale ya Aling Pasing, botolo la lambanog, kachasu wa kokonati, litafika pakati. Mwini nzeruyo anali Berting, amene kwathu kuno ku Lucena timamutchula kuti Bongo. Dzinalo anadzipatsa yekha, ife tinangovomera kuti azitigulira mowa.

"Tamverani dilu, amangwetu," anatero. "Kunyumba yosungira zolemba zakale ku yunivesite kuli ndodo yagolide ija amanyamula pamwambo wa omaliza maphunziro. Tipititsako bokosi, tikati ndi mphatso ya mapepala a profesa wina amene anamwalira. M'bokosimo mukhala Nsungwi. Antchito akaweruka, iye atuluke, atenge ndodo, adumphire pazenera. Basi, talemera."

Nsungwi anali mlamu wake, mlongo wa mkazi wake Nenita, munthu woonda komanso wosadziwa kukana. Ndipo Nenita anali atanena kale poyera kuti mwana wa amayi ake akadzangokandika chala, Berting asadzapondenso pakhomo.

Mawa lake masana, mnzathu Dado Mafuta anatsitsa bokosi m'jipi yake, Bongo ali patsogolo atavala malaya obwereka. Mkulu wa malowo, Mayi Macalintal, anamusainitsa kaye kuti bokosilo tsopano ndi la yunivesite. Bongo anasaina mwamatama, mpaka kupinda mchira wa dzina lake.

"Muli chiyani, bambo?" anafunsa mayiwo.

Apa mpomwe shasha wathu sanaganizepo. "Aa, mapepala wamba, mayi. Malisiti, mapepala a mayeso, zoterozo. Mungoliika pakona, musavutike n'kutsegula."

"Zoterozo sitisunga. Tikanati tizisunga lisiti lililonse, bwenzi tikugona panja." Anakodola antchito awiri. "Likwezeni galimoto ya ogaya mapepala ija isananyamuke."

Bongo anawaimitsa ndi dzanja. Makina a kogayako amameza bokosi lathunthu osafunsa kuti muli ndani.

"Ndiye ndingobwerera nalo."

"Mwasaina kale, bambo. Ndi lathu."

"Dikirani, ndinaiwala ine. Pansi pake pali makalata a amene anayambitsa sukulu ino. Olemba pamanja. A nthawi ya nkhondo, ena mpaka ali ndi magazi."

Mayi Macalintal anavula magalasi, nkhope yonse kuwala. Anasisita bokosilo ngati mwana wakhanda.

"Ndiye chuma chimenechi. Musalitsegule, anyamata, lingakhale ndi chiswe. Limangeni tepi, lipite mufiriji yaikulu ija."

"Mufiriji?"

"Chilichonse chimene tasankha kusunga chimayamba chagona m'menemo mpaka sabata yamawa. Kachilombo kalikonse kali m'katimo kamafa."

Dado Mafuta atamva zimenezo anati akukaona matayala. Jipi inamveka ikulira kugeti, ndipo ulendo unali womwewo.

Koma ndiye ndimamumvera chisoni Bongo ndikakumbuka, ngakhale ndimaseka mpaka nthiti kuwawa. Anaima pakati pa chipinda thukuta lili kamukamu, uku makina, uku firiji, kunyumba Nenita. Mlamu wake anali atalowa m'bokosimo ndi kabudula ndi vesiti basi.

"Mayi," anayamba, "kodi palibe gulu lapakati? Zinthu zoti simukuzitaya, komanso simukuzisunga kwenikweni?"

"Kuno timasankha, bambo. Ndiyo ntchito yake. Ndiuzeni zoona, ndi makalata kapena malisiti?"

Tepi inali italira kale kuzungulira bokosi. Antchito analinyamula, wina n'kutsegula chitseko cha firiji, utsi wozizira n'kutuluka. Ndipo m'bokosimo munamveka mawu aang'ono, aulemu kwambiri.

"Alamu, ngati n'kotheka, nenani kuti ndi malisiti."

Antchito analiponya pansi n'kuthawira kukhonde. Bongo anagwada, nayamba kumatula tepi ndi mano. Nsungwi anatuluka atapindika, n'kupereka moni kwa mayiwo ndi manja awiri. Mlonda anali ataima kale pakhomo.

Mayi Macalintal anavalanso magalasi, nawayang'ana onse awiri kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Za mtundu uwu sitisunga kuno," anatero. "Koma ndikudziwa ofesi imene imasunga."